Mwana akufuna ntchito yofufuza ndi kuteteza nyama zakutchire, ayambire pati?

Che Wadi:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi mwana wa mchemwali wanga kuno ku Namwera, dzina lake Asiyatu, ali folomu 3. Akuti akadzamaliza sukulu akufuna ntchito yofufuza nyama zakutchire ndi kuteteza zija zatsala pang'ono kutha. Pakhomo ena akuti imeneyo ndi ntchito yonyamula mfuti basi, ena akuti ndi ya azungu. Ine monga malume wake ndikufuna ndimve kwa inu odziwa: maphunziro ake ndi ati, amakaphunzira kuti, nanga akamaliza amagwira chiyani tsiku ndi tsiku? Ndamulowetsa m'gulu muno kuti azidziwerengera yekha.

A Gondwe:
Mwachita bwino kufunsa akadali folomu 3, Che Wadi, chifukwa zonse zimagona pa MSCE. Kuti asankhidwe ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a sayansi amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry ndi Masamu. Ana okonda nyama ambiri amalimbikira Biology n'kutayirira Masamu. Pamenepo ndi pomwe amagwera, chifukwa ntchito imeneyi mbali yake yaikulu ndi kuwerengera. Geography asaisiyenso, mapu adzawafuna moyo wake wonse.

Kopita kulipo. Ku UNIMA ku Zomba kuli digiri ya sayansi momwe angatsate Biology. Ku LUANAR ku Bunda kuli za nsomba, za nkhalango, za chilengedwe, komanso udokotala wa nyama. Ku Mzuni kuli za nkhalango ndi za nsomba. Mapointi akapanda kufika, asataye mtima: ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife yomwe imapereka satifiketi ndi dipuloma, ndipo konkuno kwathu ku Mpwepwe kuli Malawi College of Fisheries. Dipuloma imatha kumukweza kukafika ku digiri pambuyo pake. Kunja kwa dziko, makoleji odziwika pa za nyama ndi Mweka ku Tanzania ndi Southern African Wildlife College ku South Africa, koma kumeneko ambiri amapita atayamba kale ntchito.

A Banda:
Tisiyanitse kaye ntchito zake, chifukwa anthu amaziphatikiza. Ranger ndi amene amayenda m'paki masiku angapo osabwerera ku kampu, amachotsa makhwekhwe, amalondola mapazi a opha nyama, ndipo inde amanyamula mfuti. Amalowa ndi MSCE ndi thupi lamphamvu, n'kukaphunzitsidwa ngati msilikali. Wofufuza ndi amene amayankha mafunso akuti nyamazo zilipo zingati, zikuswana kapena zikutha, ndipo chikuzitha n'chiyani. Dokotala wa nyama ndi wachitatu. Wachinayi ndi wogwira ntchito ndi mafumu ndi midzi yozungulira paki. Onsewa amadalirana, koma sukulu zawo n'zosiyana. Mwanayo anene yekha chomwe akufuna.

Asiyatu:
Zikomo akuluakulu nonse. Ine ndikufuna kukhala wofufuza, makamaka wa njovu kapena chipembere ku Liwonde.

Anaphiri:
Asiyatu mwana wanga, cholinga chako n'chabwino, ndipo Liwonde ndi malo oyenera kuwaganizira. Kuyambira 2015 pakiyo ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi DNPW, nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo mu 2018 nkhalango ya Mangochi Forest Reserve, yomwe ili pafupi ndi kwanuko, inalowa m'mgwirizano womwewo. Akakwiyo anabwezedwamo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, mimbulu mu 2021. Nyama iliyonse yobwezedwa imafuna munthu woilondola kwa zaka, ndiye ntchito ya ofufuza ilipo.

Koma udziwe momwe tsiku limakhalira. Zipembere zimadulidwa timipata m'makutu mosiyanasiyana kuti chilichonse chidziwike pachokha, ndipo ntchito yako n'kulemba kuti chakuti chinaoneka liti, pati, chili ndi mwana kapena ayi, chanenepa kapena chaonda. Chipembere chakuda chimakonda zitsamba zowirira, ungathe kuyenda kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa paliwombo n'kungopeza ndowe ndi nthambi zomwe chadya. Zimenezonso umalemba. Nyama yovekedwa kolala ya VHF umaifuna ndi wailesi ndi mlongoti wa m'manja: umaima pamalo okwera, umatembenuza mlongoti mpaka kulira kumveke mwamphamvu, umalemba digiri ya pa kampasi ndi malo ako a GPS, kenako umasuntha msanga n'kukatenganso pamalo ena awiri. Pomwe mizere itatuyo yakumana pa mapu ndi pomwe pali nyama. Cholakwika chofala n'chakuti m'mapiri, ngati a ku Mangochi Forest Reserve, kulirako kumagunda mwala n'kubwerera, ndiye umaloza kolakwika. Ukachedwanso pakati pa malo oyamba ndi achitatu nyama imakhala itasuntha, mizere siikumana.

Pa tsiku limodzi lililonse la kutchire, yembekeza masiku awiri kapena atatu pa kompyuta.

Che Mussa:
Ndiloleni nditsutse pang'ono. Mwana wa ku Mangochi akamanena za nyama zomwe zikutha n'kumaloza njovu zokha, tamuphunzitsa moperewera. Njovu ku Liwonde zinachuluka mpaka kuchita kuzisamutsa: pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete zinapita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Chomwe chikutha pamaso pathu chili m'madzi. Mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi padziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo, Oreochromis karongae, squamipinnis ndi lidole, pa gulu la zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu. Ntchila, yomwe makolo ankaigwira yambirimbiri, lero mwana wa folomu 3 mwina sanaionepo. Mpasa nayo yachepa chifukwa imagwidwa pakamwa pa mitsinje ikamakwera kukaswa.

Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980 chifukwa cha nsomba, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sinapatsidwebe maina a sayansi. Ophunzira amachoka ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kudzalemba madigiri awo pa mbuna, tinsomba ta m'miyala, za ku chilumba cha Thumbi. Ana athu ali kuti?

Anaphiri:
Simunatsutse, achimwene, mwawonjezera. Ndikungoti njovu zikachuluka m'paki imodzi yotchingidwa sizitanthauza kuti zapulumuka. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22 ndipo imabereka kamodzi pa zaka 4 kapena 5, ndiye zaka zochepa za kupha mosalekeza zimafafaniza zomwe zinatenga zaka makumi. Koma pa mwayi wa ntchito kwa mwana wa kuno, mwanena zoona. Mufotokozereni momwe mumawerengera nsomba.

Che Mussa:
Pali njira ziwiri, ya pansi pa madzi ndi ya padoko.

Mbuna zimakhala m'miyala, zimadya ndere zomera pamiyalapo, ndipo zambiri sizidutsa mchenga kapena madzi akuya kupita ku miyala ina. N'chifukwa chake chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mtundu wakewake. Poziwerenga mumamira awiri, wina asamire yekha. Mumayala tepi ya mamita 25 motsata kuya kumodzi, tinene mamita 5, osatsetsereka. Mukayala mumachoka kaye mphindi 5, chifukwa nsomba zina zathawa ndipo zina zabwera kudzadya zomwe zipsepse zanu zavundula. Kenako mmodzi amasambira pang'onopang'ono akuwerenga zomwe zili mita imodzi kumanja ndi mita imodzi kumanzere kwa tepi, kutanthauza malo a masikweya mita 50, akulemba ndi pensulo pa kabolodi ka pulasitiki. Mumabwereza pa kuya kwina, monga mamita 2 ndi 10. Zazimuna zimadziwika ndi mawanga owala, koma zazikazi za mitundu yosiyana zimafanana kwambiri, zambiri n'zotuwa, ndiye wongoyamba kumene amazisokoneza. Mankhwala ake ndi kujambula ndi kamera ya GoPro kuti mukaonenso kumtunda, ndiponso kuti munthu yemweyo aziwerenga malo omwewo chaka ndi chaka. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amavuta. Mvula ikagwa matope a m'mitsinje amadetsa madzi, ndiye mukawerenga zochepa simudziwa ngati nsomba zachepa kapena maso sakuona patali. Pachifukwa chimenecho tsiku lililonse mumatsitsa Secchi disk, kambale koyera komangidwa kuchingwe, n'kulemba kuya komwe kasiya kuoneka. Matope omwewo ndi mdani wa mbuna, chifukwa amakwirira ndere. Wodula mitengo m'mapiri a Nankumba amapha nsomba asanagwire ukonde.

Satifiketi yoyamba ya kumira, PADI Open Water, imalola mamita 18 ndipo imaphunzitsidwa ku Cape Maclear konko. Koma Asiyatu ayambe waphunzira kusambira bwinobwino. Ndipo aliyense wolowa m'madzi kawirikawiri azikayezetsa likodzo, mankhwala a praziquantel alipo m'zipatala.

Ya padoko ndi yomwe imakhudza chambo. Mumafika asodzi asanakocheze. Bwato lililonse lomwe mwasankha mumalemba mtundu wa chida, kaya matchera, chilimila, nkacha kapena khoka, kukula kwa maso a ukonde, maola omwe akhala panyanja, ndi kulemera kwa nsomba mtundu ndi mtundu. Makilogalamu okha sanena kanthu. Doko lingathe kukocheza nsomba zofanana ndi chaka chatha pomwe mabwato awirikiza kawiri, kutanthauza kuti nsomba zachepa ndi theka. Kenako mumatapa nsomba mosasankha n'kuziyeza pa thabwa loyezera. Apa anthu amalakwitsa ziwiri. Dzanja limathamangira zikuluzikulu, ndiye kasawala, chambo chaching'ono, sakuoneka m'mabuku. Chachiwiri, wina amayeza mpaka kunsonga ya mchira, wina mpaka pomwe mchira wayambira, osalemba njira yomwe watsata, ndipo ziwerengero za anthu awiriwo sizingaphatikizidwenso.

Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana mkamwa kwa masabata, n'kukawalavula m'madzi osaya momwe muli udzu ndi bango. Khoka likachikoka nthawi imeneyo chimalavula onse. Ukonde wa udzudzu ukadutsa m'bangomo umasesa otsalawo. Apa ndi pomwe pagona chifukwa chotsekera nyanja kumapeto kwa chaka.

Asiyatu:
Che Mussa, nanga mumadziwa bwanji kuti nsomba ziwiri zofanana ndi mitundu yosiyana?

Che Mussa:
Umayang'ana mano, mafupa a kukhosi, mawanga a yaimuna nthawi yoswana, ngakhale kamangidwe ka chisa chomwe yaimuna imakumba pamchenga. Masiku ano timawonjezera DNA. Umadula kachidutswa ka chipsepse kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaika m'kabotolo ka ethanol wa 95 peresenti kapena kuposa. Nsomba yotsalayo umaijambula isanafe mawanga, chifukwa amazilala m'mphindi zochepa, kenako umaisunga mu formalin. Ukasokoneza n'kuika kachidutswako mu formalin, DNA yawonongeka. Nambala ya kabotolo, ya chithunzi ndi ya nsomba ikhale imodzi, ndipo ulembe ndi pensulo pakapepala n'kukaponya mkati, chifukwa inki ya kunja ethanol akangodontha imafufutika. Ndipo sungatenge zinthu zimenezi m'paki kapena kuzitumiza kunja popanda chilolezo cha boma, ngakhale utakhala wophunzira.

Abiti Saidi:
Zonse mwanenazi n'zoona, koma pali chimodzi chomwe kusukulu saphunzitsa mokwanira. M'kati mwa paki ya Cape Maclear muli midzi, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo, ndipo lamulo limaletsa kusodza mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake. Msodzi amene mukumuuza kuti asaponye pamenepo ali ndi ana ofuna kudya madzulo ano. Ku Malombe makomiti a m'madoko, ma BVC, anayambika mu 1993 chambo chitagwa kale, ndipo mpaka lero malo omwe komiti ndi amfumu akumvana ndi omwe lamulo limagwira. Wofufuza wofika ndi galimoto, osapereka moni kwa amfumu, n'kuyamba kugwira nsomba za eni ake, mawa lake asodzi amakocheza kwina. Akatenga ziwerengero n'kupita osadzabwerera kudzanena zomwe wapeza, wotsatira wake sadzalandiridwa.

Asiyatu, ngati umayankhula Chiyao usachite nacho manyazi, uchilembe pa CV. Kuyambira ku Makanjira mpaka ku Malombe ndi midzi ya m'mbali mwa Liwonde, mayi amene njovu zamudyera chimanga amafotokoza bwino m'chiyankhulo chake.

Che Wadi:
Amayi, mwakhudza pomwe pamapweteka. Kwathu kuno anthu ambiri amati anthu a zanyama amakonda njovu kuposa anthu. Mwanayu sadzadedwa ndi abale ake?

A Banda:
Nkhawa imeneyo ndi yoona, Che Wadi, ndipo si yachilendo. Njovu za ku Phirilongwe zinapha anthu ndi kuwononga minda kwa zaka mpaka zinasamutsidwira ku Majete mu 2009. M'mbali mwa Shire ndi Malombe muli mvuu ndi ng'ona. Koma gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuchepetsa mavuto omwewo, ndipo lili ndi luso lake.

Mpanda wa magetsi umagwira ngati mphamvu ili pamwamba pa mavoti 5,000, ndipo umayezedwa tsiku lililonse. Umafooka udzu ukakhudza waya nthawi ya dzinja, zitsulo za pansi zikakhala m'dothi louma nthawi ya chilimwe, mabatire a sola akabedwa, kapena waya akadulidwa kukapangira makhwekhwe. Njovu yamphongo ikazindikira kuti minyanga siigwidwa magetsi, kapena kuti ingagwetsere mtengo pampanda, imabwereza ndipo zinzake zimaphunzira.

Kumunda, mpanda wa tsabola umapangidwa ndi tsabola wowawa wosinja makilogalamu 2 kapena 3 wosakaniza ndi malita 10 a oyilo wakutha wa galimoto. Mumaviika chingwe cha khonje ndi tinsalu, n'kumanga pa mitengo kuzungulira munda chimanga chikayamba kukhwima. Ufunika kupakanso pakatha masabata atatu kapena mvula yamphamvu ikagwa, ndipo ambiri amalephera apa. Ming'oma ya njuchi yopachikidwa mamita 10 aliwonse n'kulumikizidwa ndi waya imathandizanso, koma mng'oma wopanda njuchi njovu imauzolowera, ndipo chilimwe chikakula njuchi zimathawa ngati palibe madzi pafupi.

Wofufuza akafika pamunda wowonongeka amalemba tsiku, malo a GPS, mbewu, kukula kwa malo odyedwa, ndi komwe njovu zalowera. Amayezanso mapazi: kuzungulira kwa phazi lakutsogolo ukakuchulukitsa kawiri umapeza msinkhu wa njovu paphewa, moyerekeza. Mukatero kwa miyezi ingapo mumadziwa ngati ndi gulu la zazikazi ndi ana kapena nkhalamba ziwiri zomwezomwezo, ndipo njira yothana nazo imasiyana.

Anaphiri:
Pa GPS pomwepo ndichenjeze. Makina onse a gulu limodzi akhale pa njira imodzi yowerengera malo, ya WGS 84, ndipo pa manambala a mapu otchedwa UTM ife kuno tili mu zoni 36. Mapu akale a boma anajambulidwa pa njira ina, ya Arc 1950. Mukasakaniza ziwirizi malo amasuntha ndi mamita oposa 100, ndipo munda womwe uli kunja kwa paki umaoneka ngati uli mkati. Mkangano wa malire umayambira pa zinthu ngati zimenezi.

Ndionjezere za makamera otchera, chifukwa wophunzira aliyense amayamba nawo. Pa nyama za msinkhu wa fisi kapena kambuku, kamera imangidwe pa mtengo wolimba masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi, mamita 3 kapena 4 kuchokera pa njira ya nyama. Iyang'ane kumpoto kapena kummwera. Ikayang'ana kotulukira kapena kolowera dzuwa, zithunzi zimayera mbee ndipo imajambula yokha. Udzu wa patsogolo umetedwe, apo ayi mphepo ikamauwomba mudzapeza zithunzi 4,000 za udzu ndi batire lakufa pa tsiku lachitatu. Tsiku ndi nthawi zikonzedwe nthawi iliyonse mwasintha mabatire. Pochoka jambulitsani kapepala kolembedwa nambala ya malo ndi tsiku, pobwera chimodzimodzi, kuti mudziwe masiku enieni omwe kamera inagwira ntchito. Kambuku aliyense ali ndi mawanga ake, koma a kumanja ndi a kumanzere safanana, ndiye pamafunika makamera awiri mbali ziwiri za njira, osayang'anizana ndendende kuti kuwala kwa ina kusaphe chithunzi cha inzake. Afisi amatafuna makamera, njovu zimazula, nyerere zimamanga mkati, moto wa tchire umasungunula. Bokosi lachitsulo ndi kulambula mozungulira zimapulumutsa ambiri.

Powerenga nyama poyenda pansi, mumatsata mzere wowongoka ndi kampasi. Mukaona gulu la agwape kapena mphalapala mumalemba chiwerengero, mtunda wake ndi ngodya, kuti pambuyo muwerengere kutalika kwake kuchokera pamzere. Pamafunika kuona magulu 60 mpaka 80 a mtundu umodzi kuti masamu ake akhale odalirika. Mukayenda mumsewu chifukwa ndi mophweka, mwawerenga nyama zokonda msewu osati za paki yonse. Apa ndi pomwe Masamu omwe anena a Gondwe amabwerera.

Dokotala Chirwa:
Pa mbali yathu ndinene mwachidule, popeza ana ambiri amaona makanema a kugoneka njovu n'kuganiza kuti wofufuza ndiye amabaya. Mankhwala ake, etorphine, kadontho kake kangaphe munthu, ndipo amagwira ndi dokotala wovomerezeka yekha, mankhwala obwezera ali pambali. Wofufuza ntchito yake ndi kuthandiza. Njovu ikagwa chogwada pachifuwa iyenera kukankhidwa igone cham'mbali msanga, chifukwa siitha kupuma bwino. Chitamba chiwongoledwe ndipo kunsonga kwake kuikidwe kamtengo kuti kusatsekeke. Khutu lipindidwire pa diso, madzi azithiridwa pamakutu kuti isatenthedwe, wina aziwerenga mpweya pa mphindi iliyonse mokweza mawu. Zonsezi zimachitika m'mawa kusanatenthe. Kolala ikathina imatupitsa khosi, ikakhwepa imatembenuka ndipo GPS yake imayang'ana pansi.

Asiyatu:
Nanga ngaka? Kuno anthu ena amati ukaipeza walemera.

A Banda:
Amene amanena zimenezo akukankhira anzawo kundende. Lamulo la National Parks and Wildlife Act litakonzedwanso mu 2017, chilango cha nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka, njovu ndi chipembere chimafika zaka 30. Malonda a ngaka pakati pa mayiko ndi oletsedwa pansi pa pangano la mayiko la CITES. Mamba ake ndi ofanana ndi zikhadabo zathuzi, alibe mankhwala alionse.

Dokotala Chirwa:
Ndipo ngaka siisungika. Imadya nyerere ndi chiswe cha mitundu yomwe yasankha yokha, siidya chimanga, mkaka kapena nyama. Zomwe zimalandidwa kwa ogulitsa zimafika zitakhala m'thumba masiku ambiri osadya osamwa, zina ndi mabala a waya, zina ndi chibayo. Zimathandizidwa ndi madokotala, monga a Lilongwe Wildlife Trust, ndipo kuti idye pamafunika munthu woyenda nayo kutchire maola angapo tsiku lililonse, akuiyeza sikelo asanapite ndi pobwera. Ikabwezedwa kutchire imamangidwa kachida kolondolera pa mamba ndipo imayezedwabe kulemera, chifukwa kuonda ndi chizindikiro choyamba chakuti malowo sanaiyanje. Imabereka mwana mmodzi pa chaka basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya ngaka ndi ya anthu otero. Mukaipeza kumunda isiyeni ipite. Ikakhala pangozi dziwitsani a DNPW kapena apolisi, osaitengera kunyumba kuti mudikire.

Che Wadi:
Ndamva zambiri. Funso la malume tsopano: ntchito zimapezeka? Tisagulitse mbuzi mwana n'kudzakhala pakhomo ndi digiri.

A Gondwe:
Kunena mosabisa, ntchito zake n'zochepa poyerekeza ndi uphunzitsi kapena unamwino. Olemba ntchito ndi boma kudzera ku DNPW, nthambi ya za nsomba yomwe ili ndi malo ofufuzira ku Monkey Bay, ndi nthambi ya za nkhalango, kenako African Parks, mabungwe monga WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi) ndi Lilongwe Wildlife Trust, mayunivesite, ndi makampani ounika momwe zitukuko zikhudzire chilengedwe. Zambiri za m'mabungwe ndi za kontirakiti ya chaka chimodzi mpaka zitatu, thandizo likatha ntchito yatha. Kuti munthu atsogolere kafukufuku wake pamafunika masters, ndipo ambiri amaipeza ndi thandizo la Beit Trust, Commonwealth kapena Chevening.

Abiti Saidi:
Komabe musamufooketse. Digiri ya Biology kapena ya za nsomba siitsekera munthu pakhomo limodzi. Angathe kuphunzitsa, kugwira za ulimi wa nsomba, kapena za madzi, akudikira mpata.

Anaphiri:
Ndipo pa omaliza digiri 50, amene amatengedwa ndi amene ali ndi zinthu zooneka m'manja. Adziwe Excel bwinobwino, kenako QGIS ya mapu ndi R ya masamu, zonse ziwiri n'zaulere. Adziwe kupanga fomu pa KoboToolbox, pulogalamu yotolera ziwerengero pafoni, ndipo amve momwe SMART ndi EarthRanger zimagwirira ntchito, chifukwa ndi zomwe mapaki amalemberamo maulendo a ma ranger. Akhale ndi laisensi, ya njinga yamoto ingakhale yoyamba. Tchuthi chilichonse cha kukoleji apemphe attachment, kalata ipite miyezi itatu isanafike nthawi, yonena chomwe akufuna kuphunzira ndi chomwe angathandize. Pulojekiti ya chaka chomaliza asankhe funso laling'ono lomwe angalimalize ndi ndalama zochepa. Kuwerenga zisa za nkhwazi pa gombe la makilomita 10 kumatheka ndi bwato ndi mabainokula. Kuwerenga akambuku a nkhalango yonse ndi makamera atatu sikutheka. Akamaliza angapemphe thandizo laling'ono ku Rufford Foundation kapena Mohamed bin Zayed Species Conservation Fund, ndipo kumeneko amafuna funso lomveka, bajeti yoona ndi makalata a anthu omudziwa ntchito.

Kwa mtsikana pali zina zoti tinene poyera. Makampu ena ali kutali, amuna ndi ochuluka. Asanavomere attachment afunse kuti adzagona kuti, womuyang'anira ndani, ndipo akavutitsidwa akanena kwa yani. Bungwe labwino limayankha mafunso amenewa mosanyinyirika.

Asiyatu:
Anaphiri, panopa ndilibe kompyuta kapena kamera. Ndingayambe ndi chiyani?

Anaphiri:
Kope lachikuto cholimba ndi pensulo. Sankha njira imodzi ya kilomita imodzi pafupi ndi kwanu, yodutsa m'munda ndi m'mphepete mwa mitengo. Uziyenda Loweruka lililonse nthawi yofanana, 6 koloko m'mawa, kwa mphindi 40, ndi mnzako mmodzi. Pamwamba pa tsamba lemba tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, nyengo, ndi amene munali nawo. Pansi lemba mbalame iliyonse ndi chiwerengero chake. Yomwe sukuidziwa usaipatse dzina longoganiza: lemba kukula kwake, mlomo, mawanga ndi kulira kwake, ufunse akuluakulu dzina la Chiyao kapena Chichewa. Ngati kusukulu kwanu kuli kalabu ya wildlife ulowe, ngati kulibe pemphani aphunzitsi a Biology alembere a WESM.

Asiyatu:
Tsiku lomwe sindinaone mtundu womwe ndimauona nthawi zonse, ndisiye mpata?

Anaphiri:
Ayi, lemba 0. Mpata umatanthauza kuti sunayang'ane, 0 amatanthauza kuti unayang'ana ndipo kunalibe. Loweruka lomwe walephera kupita, lemba kuti sunapite ndi chifukwa chake.

Che Mussa:
Tchuthi chikubwerachi, Che Wadi, mupite naye padoko lililonse la kufupi ndi Mangochi boma kapena ku Malombe. Mufike 5 koloko m'mawa, muyambe mwaonana ndi wapampando wa BVC, ndipo mupemphe kalaliki wa za nsomba wa padokopo kuti mwanayo aime pambali pake. Atenge rula ya masentimita 30 ndi kope lomwelo. Nsomba asagwire mwini wake asanalole, ndipo akayeza abweze m'beseni momwe anaitenga.